Masheya a Press ndi madzi a ku Dyeratu

Ife ndife a ku Silobela, zidzukulu za amene anachoka ku Nyasaland kudzakumba golide kuno ku Midlands.

Anzathu a ku Blantyre akuti ndalama za banki mkhonde tigulire masheya a Press Corporation, ndipo mtengo wake takhala tikuutsatira pa foni. Press ili ndi gawo lalikulu mu EthCo ya ku Dwangwa, yomwe inayamba mu 1982, ndi mu PressCane ya ku Chikwawa. Makampaniwa amatcheza ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, wosakaniza ndi petulo. Zimenezi zatikoka mtima, chifukwa nzimbe imaphukanso, pomwe golide akatha watha.

Koma anthu a ku Dyeratu ku Chikwawa akhala akudandaula kuti madzi oipa a fakitale ya PressCane amanunkha ndi kuwononga minda. Ife oyandikana ndi migodi, madandaulo otere sitiwapeputsa. Ndipo fakitale ikaimitsidwa, phindu lomwe timayembekezera limachepa.

Pempho lathu nali: tigule ochepa kaye, ongotilowetsa mu msonkhano wa pachaka wa eni masheya. Mayi mmodzi akaimirire, akafunse kuti maiwe osungira madziwo akonzedwa liti. Ndalama zotsalazo zidikire yankho.