Nkhondo ya Kachetechete Patsamba



Mwandipempha kuti ndikambeko za ntchito yanga ya zaulimi m'boma. Ndasankha kukamba za tsamba. Tili ku Fomu 2 tinaphunzira kuti tsamba lili ndi timabowo topumira totchedwa stomata, ndipo tinkatijambula m'makope mosaganizira zambiri. Patapita zaka ndi pamene ndinadziwa kuti pakhomo pa timabowoti pamakhala nkhondo.

Patsamba pamakhala mabakiteriya ochuluka zedi, nthawi zina oposa miliyoni pa kamalo kofanana ndi chikhadabo. Ena mwa iwo amatulutsa timankhwala timene anzawo amamva. Timankhwalati tikachuluka, iwo amadziwa kuti akwana, ndipo amasintha khalidwe onse pamodzi, monga kudzikuta ndi zinthu zonanda kuti asaume ndi dzuwa. Mu 1994 akatswiri anatcha khalidweli quorum sensing, potengera chiwerengero cha anthu chofunika kuti msonkhano uyambe. Alembi athu akulidziwa bwino vuto limeneli.

Nayo mbewu sigona tulo. Mu 2006 Maeli Melotto ndi anzake a ku Michigan State University anaonetsa kuti tsamba likazindikira mabakiteriya limatseka timabowo tija. Koma mtundu wina wa Pseudomonas syringae, umene umagwira matimati, umatulutsa mankhwala otchedwa coronatine, ofanana ndi amene mbewuyo imagwiritsa ntchito polamulira thupi lake. Mbewu imapusitsika, ndipo pakapita maola ochepa timabowoto timatsegukanso, mdani n'kulowa.

Mbale wake wa kachilomboka ndi amene amadzetsa matenda a wildfire mu fodya, aja a mawanga ozunguliridwa ndi chikasu. Amafala ndi madontho a mvula ndiponso manja athu. N'chifukwa chake timalangiza alimi kuti asamagwire mbande masamba ali onyowa, ndi kuti azizula mapesi akatha kukolola. Mlimi akamvetsa chifukwa chake amatsatira langizolo. Akapanda kumvetsa amangoti ndi zonena za alangizi, fodya n'kuwonongeka, ana n'kusowa fizi.

Tsono pempho langa ndi ili. Ife tinaona stomata pa bolodi pokha. Tiyeni chaka chino tisonkhe ndalama tigulire sukulu yathu maikulosikopu, kuti azing'ono athu aone timabowoti ndi maso awo.