Pabwalo la Akatswiri a Makompyuta

Nkhani ya madzulo ano ikunena za mwambo umene anthu ophunzira amatsata akafuna kuti dziko limve zimene apeza pa kafukufuku wao. Omvera ambiri masiku ano amatumizirana mauthenga pa lamya ya m'manja, ena amalandira ndalama kuchokera kwa ana ao amene ali kutali, ndipo zonsezi zimatheka chifukwa makina a kompyuta analumikizidwa kotero kuti amauzana zinthu usana ndi usiku. Nzeru zambiri zoyendetsera makinawa zinayamba ngati pepala lolembedwa ndi munthu, limene mwini wake analitumiza ku msonkhano wa akatswiri anzake kuti akaliweruze.

Misonkhano yotere iripo yambiri. Umodzi wodziwika kwambiri ndi wa SIGCOMM, umene umachitika chaka ndi chaka pansi pa bungwe la ACM, lomwe linakhazikitsidwa m'dziko la America m'chaka cha 1947. Wina ndi wa INFOCOM, umene unayamba m'chaka cha 1982 pansi pa bungwe la IEEE. Kumisonkhanoyi munthu sapatsidwa mpata wolankhula chifukwa cha imvi kapena udindo wake ayi. Mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya ukachenjede ndi wophunzira wake amalowera khomo limodzi, ndipo khomolo ndi pepala.

Kutatsala miyezi ingapo kuti msonkhano uchitike, akuluakulu okonza msonkhanowo amalengeza kuti akufuna mapepala. Amatchula mitu ya nkhani zimene zikufunika, kuchuluka kwa masamba, ndiponso tsiku ndi ola lotsekera. Ku SIGCOMM pepala limakhala la masamba pafupifupi 12, motero munthu amene wafufuza chinthu kwa zaka ziwiri kapena zitatu ayenera kusankha bwino zoti anene ndi zoti asiye. Ola lotsekera likakwana, wochedwa amadikira mpaka msonkhano wina.

M'masamba ochepawo mlembi ayenera kuyankha mafunso anayi. Kodi vuto limene waona ndi lotani? Nanga ena amene anamutsogolera anayesapo chiyani, ndipo analekeza pati? Iyeyo wabwera ndi njira yanji yatsopano? Potsiriza, umboni wake uli kuti wosonyeza kuti njirayo ikuthandizadi? Funso lotsirizali ndilo limagwetsa ambiri, pakuti akatswiri sakhutira ndi mau okoma. Amafuna kuona miyeso ndi ziwerengero, komanso kufotokoza koonekera poyera kotero kuti munthu wina atha kubwereza ntchitoyo napeza zomwezo.

Chitsanzo cha pepala loyankha bwino mafunsowa ndi la Bambo Van Jacobson. M'mwezi wa October, 1986, intaneti ikadali yaing'ono, panaoneka zachilendo m'chigawo cha California m'dziko la America. Makompyuta a ku Lawrence Berkeley Laboratory ndi a ku sukulu ya ukachenjede ya Berkeley anali otalikirana mayadi 400 okha, ndipo ankatumizirana zilembo pafupifupi 4,000 pa sekondi imodzi. Mwadzidzidzi liwiroli linatsika kufika pa zilembo 5 zokha pa sekondi, chonsecho nthambo zinali zosaduka.

A Jacobson atafufuza anapeza gwero lake. Uthenga wa pa kompyuta suyenda wathunthu. Umadulidwa m'timaphukusi ting'onoting'ono timene timakalumikizidwanso kumene tikupita. Njira ikadzaza, timaphukusi tina timatayika. Tsono makompyuta a nthawi imeneyo akaona kuti kaphukusi katayika ankangotumizanso mwaphuma, ndipo njirayo inkadzazirabe. Zinali ngati ng'ombe zimene zikulimbirana khomo lopapatiza la khola: iriyonse ikukankha ndi mphamvu, koma palibe imene ikutuluka.

Mankhwala amene a Jacobson anapeza, mothandizana ndi Bambo Michael Karels, anali ophunzitsa makompyuta ulemu. Kompyuta iyambe ndi kaphukusi kamodzi, ndipo ikamva kuti kafika iwonjezere. Ikaona kuti kena katayika, izindikire kuti njira yadzaza, ichepetse liwiro lake ndi theka, kenaka ikwezenso pang'onopang'ono. Pepala lofotokoza zimenezi linawerengedwa pa msonkhano wa SIGCOMM ku Stanford m'mwezi wa August, 1988, ndipo linali ndi zithunzi zoonetsa m'mene timaphukusi tinkayendera kale ndi m'mene tinayendera njira yatsopanoyo itayesedwa. M'chaka cha 1989 njirayi inalembedwa m'malamulo amene makompyuta olumikizidwa ku intaneti anayenera kutsata, ndipo njira zambiri zimene zinabwera pambuyo pake zinamangidwa pa maziko omwewo.

Koma pepala lisanafike powerengedwa pagulu limayamba lapetedwa. Okonza msonkhano amasankha komiti ya akatswiri ochokera m'maiko osiyanasiyana, ndipo pepala lirilonse limaperekedwa kwa anthu atatu kapena oposerapo kuti aliwerenge aliyense payekha. Pamisonkhano yambiri masiku ano mlembi amalamulidwa kuchotsa dzina lake ndi la sukulu yake papepalalo, ndipo iyenso sauzidwa maina a amene akumuweruza. Cholinga chake nchakuti pasakhale kukondera, kuti pepala la munthu wosatchuka liyesedwe ndi muyeso womwewo umene ayesera la munthu wotchuka. Woweruza amene akugwira ntchito pamalo amodzi ndi mlembi, kapena amene anamuphunzitsa, saloledwa kukhudza pepalalo.

Palinso malamulo ena okhwima. Nkoletsedwa kutumiza pepala limodzi kumisonkhano iwiri nthawi imodzi. Nkoletsedwa kutenga mau kapena maganizo a munthu wina osamutchula. Wopezeka akupeka ziwerengero amataya mbiri yake, ndipo mbiri ya katswiri ikatayika siibwerera msanga.

Oweruza akamaliza kuwerenga, aliyense amalemba maganizo ake, kutchula zimene zamukondweretsa ndi zimene akukayika. Kenaka komiti imakambirana mapepalawo, nthawi zina motsutsana kwambiri, mpaka itagwirizana. Ku SIGCOMM, pa mapepala 5 alionse amene atumizidwa, kawirikawiri limalandiridwa limodzi lokha, ndipo zaka zina mpata umachepa kuposa pamenepa. Mlembi aliyense, wolandiridwa ndi wokanidwa yemwe, amatumiziridwa ndemanga za oweruzawo. Wolandiridwa amakonza zimene wauzidwa, nakonzekera ulendo wokaima pamaso pa anzake. Kumeneko amapatsidwa mphindi zowerengeka kuti afotokoze ntchito yake, ndipo akatha amayankha mafunso.

Wina angafunse kuti, nanga bwanji osangosindikiza pepalalo anthu nkumawerengera kwao? Yankho lake likupezeka pa zimene zinachitika m'tauni ya Gatlinburg, m'chigawo cha Tennessee, m'mwezi wa October, 1967. Kumeneko bungwe la ACM linachititsa msonkhano umene kunafika Bambo Larry Roberts, amene anali kukonza zolumikiza makompyuta a m'dziko la America. Kunafikanso Bambo Roger Scantlebury ochokera ku National Physical Laboratory, kufupi ndi London, atatenga pepala la gulu lotsogozedwa ndi Bambo Donald Davies. A Davies ndiwo anayamba kutchula zidutswa za uthenga zija kuti packet, ndiko kuti kaphukusi.

Magulu awiriwa ankalima munda umodzi osadziwana bwino. Pa msonkhanowo a Roberts anamva tsatanetsatane wa maganizo a gulu la a Davies, anauzidwanso za ntchito yofanana nayo imene Bambo Paul Baran anali atachita kale m'dziko lao lomwelo la America. Zimene anamvazo zinalowa m'mapulani a ARPANET, imene inayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1969 ndipo ndiyo kholo la intaneti. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Pepala la a Davies likadasungidwa m'kabati, denga limeneli likadachedwa kukwera.

Komabe oweruza ndi anthu, ndipo nthawi zina popeta amataya ndi maso omwe. M'chaka cha 1991 Bambo Tim Berners-Lee ndi Bambo Robert Cailliau, amene ankagwira ntchito ku CERN kufupi ndi Geneva, anatumiza pepala ku msonkhano wa Hypertext umene unachitikira ku San Antonio, m'chigawo cha Texas, m'mwezi wa December. Pepalalo linkafotokoza za World Wide Web, njira imene lero anthu amatsegulira masamba a pa intaneti. Komiti inalikana. Awiriwo sanakwiye nkukhala kunyumba. Anapitabe, napatsidwa tebulo loonetserapo ntchito yao kwa odutsa. M'chaka cha 1993 bungwe la CERN linalola kuti aliyense agwiritse ntchito nzeruyi kwaulere, ndipo inafalikira pa dziko lonse.

Nchifukwa chake akatswiri okhwima amalangiza achinyamata kuti kalata yokana asaiyese imfa. Ndemanga za oweruza ndi uphungu waulere wochokera kwa anthu odziwa. Wanzeru amaziwerenga mtima utakhala pansi, amalimbitsa pamene umboni unali wofooka, amafotokozanso bwino pamene sanamveke, ndipo amatumiza pepalalo ku msonkhano wotsatira. Mapepala ambiri abwino anayamba akanidwa asanalandiridwe.

Mwambo umenewu suli kutsidya kwa nyanja kokha. Bungwe la UbuntuNet Alliance, limene limagwirizanitsa mabungwe olumikiza makompyuta a sukulu za ukachenjede kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, liri ndi ofesi yake yaikulu ku Lilongwe. Bungweli limachititsa msonkhano wa UbuntuNet-Connect, umene nawonso umaitanitsa mapepala ndi kuwapeta. Mafunso oyenera kufufuzidwa m'maiko a kuno alipo ambiri: m'mene uthenga ungafikire kumudzi kumene magetsi kulibe, m'mene mtengo wa intaneti ungatsikire, ndiponso m'mene chipatala chakutali chingalankhulire ndi chipatala chachikulu mvula itadula misewu. Amene akukhala pakati pa mavutowa ndiwo angathe kuwayeza bwino ndi kulemba zoona zake.

Tsono mnyamata kapena mtsikana amene akuphunzira za makompyuta, ndipo wapeza kanthu kamene akukhulupirira kuti nkatsopano, asachite manyazi. Alembe momveka, aonetse umboni wake, atchule amene anamutsogolera, asunge tsiku lotsekera, ndipo alole kuti anzake amutsutse. Nzeru yobisidwa imafa ndi mwini wake, koma imene yatulutsidwa pabwalo, ngakhale itagwa ulendo woyamba, imapeza oikonza ndi oipitiriza. Nkhani ya madzulo ano yathera pamenepa.