Mdulidwe wa kuchipatala: nena zoona, usafulumire

Lero ndikamba za mdulidwe wa kuchipatala, makamaka zimene tiyenera kuchita tisanalowe m'chipinda cha opaleshoni ndiponso tikatulukamo. Ineyo ndinadulidwa, ndiye sindikukamba zongomva ayi.

Kafukufuku amene anachitika ku South Africa, Kenya ndi Uganda, amene zotsatira zake zinatuluka pakati pa 2005 ndi 2007, anapeza kuti mdulidwe umachepetsa ndi pafupifupi 60 peresenti mpata woti mwamuna atenge kachirombo ka HIV pogonana ndi mkazi. N'chifukwa chake mu 2007 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linauvomereza ngati njira imodzi yodzitetezera. Opaleshoniyi ndi yaing'ono, ya mphindi pafupifupi 30, ndipo amakubaya jakisoni wochititsa dzanzi. Komabe anzanga, pamene padutsa mpeni pamakhala chilonda, ndipo chilonda chimafuna chisamaliro.

Asanakudule, achipatala amakufunsa mafunso. Ambiri timangoyankha kuti "ayi, ayi" pofuna kuthana nazo msanga. Kumeneko n'kudzipweteka. Akakufunsa ngati magazi amachedwa kusiya ukadzicheka kapena ukazulidwa dzino, kumbukira bwino. Pali matenda akumtundu otchedwa hemophilia amene amachititsa kuti magazi asagwirane msanga. Amagwira kwambiri amuna ndipo amadzera kuchikazi, choncho usananyamuke funsa amayi ngati amalume kapena achimwene anavutikapo ndi kutaya magazi. Safunsa anadya phula.

Ngati uli ndi matenda a shuga, nena, chifukwa chilonda chimachedwa kupola. Ngati pali mankhwala amene amakuwenga, nena. Ngati uli ndi tizilonda kumaliseche, kapena ukutuluka mafinya, kapena ukumva kuwotcha pokodza, usabise. Adzayamba akuchiza kaye, mdulidwe pambuyo. Auzenso ngati unalandirapo katemera wa kafumbata. Adzakulimbikitsa kuyezetsa magazi kuti udziwe ngati uli ndi HIV. Sakakamiza, koma n'kwabwino kudziwa, chifukwa thupi limene chitetezo chatsika limavutika kupoletsa chilonda, ndipo wopezeka nako amayamba ma ARV. Za ang'ono athu, dziwani kuti mu 2020 WHO inalangiza kuti mdulidwe wopewera HIV uzichitika kwa a zaka 15 kupita m'tsogolo, chifukwa mavuto ena amachuluka kwa ocheperapo. Musawakokere ku chipatala chifukwa choti anzawo apita.

Tsopano mumve zanga. Anamwino anandiuza kuti ndibwerere pakatha masiku awiri kukachotsa bandeji, kenako pakatha sabata. Anati chilonda chizikhala choyera ndi chouma, ndizivala kabudula wamkati wochapa bwino, ndipo ndisiye kaye njinga, mpira ndi ntchito zolemetsa. Ndinavomera zonse. Koma tsiku lachinayi ufa unatha pakhomo. Poona kuti ululu wachepa, ndinamanga thumba la chimanga panjinga n'kuyamba wa kuchigayo. Pobwerera ndinangomva kunyowa. Ulusi unali utaduka, magazi ali chuchuchu.

Manyazi anandigwira. Ndinadzitsekera m'gowelo osauza munthu. Agogo aamuna atazindikira anati, "Mdzukulu wanga, dikira ndikusinjire mankhwala, tithire ndi phulusa, magaziwo asiya." Agogo ananena mwachikondi, koma ndinakumbukira mawu a anamwino akuti tizirombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo timalowa mosavuta ukapaka zinthu zosadziwika pachilonda. Ndinati, "Pepani agogo, achipatala analetsa, ndibwerere komweko." Achimwene ananditengera kuchipatala usiku womwewo ndipo anandisokanso. Sanandikalipire. Anangoti ndachita bwino kubwera msanga. Ndikanagona nazo, mwina lero sindikanaima pano.

Ndiye sungani izi pamtima. Magazi akakana kusiya, pakatupa kwambiri, pakatuluka mafinya kapena fungo, thupi likatentha, mkodzo ukakana kutuluka, kapena nsagwada ndi khosi zikayamba kuuma, thamangirani kuchipatala. Musadikire tsiku limene anakulemberani. Musapake phulusa, dothi, ndowe kapena zitsamba.

Chovuta kwa ambiri ndi ichi: masabata 6 osagonana, ngakhale kudziseweretsa maliseche. Pamwamba pakhoza kuoneka ngati papola, koma mkati musanalimbe. Chilonda chosapola ndi khomo lotsegula, kachirombo kakhoza kulowa kapena kutuluka mosavuta. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Inu achemwali, nkhaniyi ndi yanunso. Ngati bwenzi lanu ladulidwa, musalole kuti likunyengerereni masabatawo asanakwane, ndipo inunso musamuyese.

Pomaliza, 60 si 100. Wodulidwa akhoza kutenga HIV, akhozanso kupatsira mnzake. Kudziletsa, kukhulupirika ndi kugwiritsa ntchito kondomu zikadali pomwepo. Amene mukuganiza zokadulidwa, yambani mwacheza ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, sankhani nthawi imene kulibe ntchito yambiri kumunda, ndipo uzani munthu mmodzi wapakhomo amene angakuperekezeni zikavuta. Amene muli ndi mafunso ochititsa manyazi, ndipezeni tikaweruka, tikambirane awiriwiri.