Udindo wa Olemba Ntchito Pamene Malamulo Asintha

Nyengo yokolola ikafika m'maboma a Machinga ndi Balaka, anthu ofuna antchito amachuluka. Thonje likayera m'minda ya ku Utale, Phalula ndi Ulongwe, ogula mbewu amafuna makalaliki a pasikelo, onyamula mabelo ndi alonda. Mpunga ukacha m'madambo oyandikana ndi nyanja ya Chilwa, zigayo za ku Ntaja ndi Nsanama zimalira mpaka usiku. Nako ku Liwonde, kumene msewu, njanji ndi mtsinje wa Shire zimakumana, eni masitolo ndi nyumba zogona alendo amawonjezera antchito. Ambiri mwa anthu ameneŵa sadziyesa olemba ntchito, poganiza kuti dzinalo n'la makampani aakulu a ku Blantyre. Koma pamaso pa lamulo, aliyense amene waika mnzake pantchito namulonjeza malipiro wasenza udindo, ndipo udindowo wakhala ukulemera kuyambira m'chaka cha 1994.

Mwachitsanzo, mwini chigayo angapeze m'maŵa kuti dizilo wachepa mumgolo. Mtima utamupsa, aitana mnyamata woyendetsa injini, namuuza kuti: "Iwe, tenga zako, maŵa usabwerenso." Mnyamatayo ayesa kunena kuti, "Pepani bwana, mundimve kaye," koma chitseko chatsekedwa kale. Masiku amakedzana nkhani ikadathera pomwepo. Masiku ano pamenepo m'pamene mlandu ukuyambira, ndipo woyamba kufunsidwa mafunso ndi mwini chigayo uja.

Kuti kusinthaku kumveke bwino, m'pofunika kukumbukira kumene dziko lachokera. Achikulire a boma la Machinga, limene kale linkatchedwa Kasupe ndipo linkaphatikiza Balaka mpaka m'chaka cha 1998, adamva kwa makolo awo za thangata, pamene banja lokhala pa malo a mzungu linkalipira malowo ndi thukuta lake. Nkhanza za thangata zidali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe adaukira atsamunda mu 1915, ndipo mchitidwewo udathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Ufulu utabwera mu 1964, malamulo ankateteza wantchito pa zinthu zina monga malipiro ochepetsetsa, komabe bwana adakhalabe ndi mphamvu yothetsa ntchito ya munthu pongomupatsa notisi, kapena ndalama m'malo mwa notisiyo, osafotokoza chifukwa. Mphamvu imeneyi idayamba kugwedezeka ndi malamulo aakulu oyendetsera dziko a mu 1994, amene gawo lake 31 limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo, motetezeka ndi polandira malipiro oyenera. Mu 1996 padadza lamulo la ubale wa olemba ndi olembedwa ntchito, loyendetsa mabungwe a antchito ndi bwalo lapadera la milandu ya zantchito, la Industrial Relations Court. Kenaka mu 2000 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la Employment Act, limene ndilo tsinde la nkhaniyi.

Lamulo la mu 2000 lidatembenuza zinthu pa mfundo ziŵiri. Yoyamba ili m'ndime 57: munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka, chokhudza khalidwe lake, kulephera kwake pantchito, kapena kayendedwe ka bizinesi, ndipo chifukwacho chikakhala cha khalidwe kapena cha kulephera ntchito, ayenera ayambe wapatsidwa mpata woyankha zimene akumunenezazo. Yachiŵiri ili m'ndime 61, ndipo ndiyo imadabwitsa mabwana ambiri. Pa milandu yambiri, wodandaula ndiye amabweretsa umboni. Pa mlandu wochotsa munthu ntchito, wolemba ntchito ndiye ayenera kuonetsa chifukwa chake ndi kutsimikiza kuti adachita mwachilungamo. Akalephera kupereka chifukwa, bwalo limangogamula kuti kuchotsako kudali kosalungama.

Tsono mwini chigayo uja angakhale akunena zoona kuti dizilo adabedwa, ndipo mwina wakubayo ndi mnyamata yemweyo, koma n'kugonjabe pa mlandu. Lamulo silimuletsa kuchotsa wakuba; ndime 59 imalola kuchotsa munthu nthaŵi yomweyo pa zolakwa zazikulu. Chimene limamufunsa ndi ichi: kodi mnyamatayo adauzidwa mlandu wake? Adapatsidwa nthaŵi yokonzekera yankho? Padakhala mboni pamene ankayankha? Zokambiranazo zidalembedwa pati? Bwana amene adadumpha zonsezi chifukwa cha ukali wa m'maŵa umodzi angalamulidwe kumubwezera munthuyo pantchito kapena kumupatsa chipukutamisozi, chimene sichichepera malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene sadapitirire zaka zisanu, ndipo chimakwera mpaka malipiro a mwezi pa chaka chilichonse kwa amene wapitirira zaka 15. Ena amaona ngati lamulo likukondera wakuba. Komatu mfumu ya pamudzi nayonso siŵeruza mlandu itamva mbali imodzi, ndipo lamuloli langotengera nzeru yomweyo kuchigayo ndi kusitolo.

Apa m'pamene pepala lakhala chida chachikulu cha wolemba ntchito. Ndime 27 imalamula bwana amene ali ndi antchito asanu kapena kuposerapo kuti apatse aliyense kalata pasanathe mwezi chiyambire ntchito, yofotokoza tsiku loyamba, mtundu wa ntchito, malipiro ndi nthaŵi yolandira, maola ogwira ntchito, ndi malamulo a mwambo pamalopo. Amene ali ndi antchito aŵiri kapena atatu sakakamizidwa ndi ndime imeneyi, koma kope la kusukulu limene wantchito amasainamo kapena kudinda chala polandira malipiro lingamupulumutse tsiku lina. Ntchito ikatha, malipiro onse otsala ayenera kuperekedwa pasanathe masiku asanu ndi aŵiri, ndipo wantchito akapempha chikalata chosonyeza kuti adagwirapo ntchito pamalopo, sayenera kumanidwa. Wolipidwa pamwezi amapatsidwa notisi ya mwezi wathunthu.

Za maola ndi tchuthi n'zodziŵika, ngakhale zimaphwanyidwa kaŵirikaŵiri. Sabata ya ntchito ndi maola 48, ndipo opitirira pamenepo ndi ovataimu: ola limodzi limalipidwa ngati ola ndi theka pa tsiku wamba, ndi kuŵirikiza kaŵiri pa tsiku lopuma. Wogwira masiku asanu ndi limodzi pasabata ali ndi tchuthi cha masiku 18 pachaka, wa masiku asanu ali ndi 15. Mayi woyembekezera amapuma masabata asanu ndi atatu akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Mwana wosakwana zaka 14 salembedwa ntchito.

Pali ndime ina imene anthu a ku Balaka ayenera kuitchera khutu, chifukwa ntchito yambiri ya thonje ndi ya nyengo. Mabwana ena amaganiza kuti munthu wolembedwa miyezi inayi yokha, n'kubwerera kumudzi, amayamba ngati mlendo chaka chilichonse. Ndime 43 ikunena zosiyana. Munthu akabwerera kwa bwana yemweyo nyengo zotsatizana, miyezi yonse imene wagwira imaphatikizidwa ndi kuŵerengedwa ngati ntchito yosadukiza. Kalaliki wa pasikelo amene wagwira miyezi inayi pachaka kwa nyengo zisanu ndi imodzi, lamulo limamuona ngati wantchito wa zaka ziŵiri. Chimodzimodzinso, makontirakiti aafupi ongobwerezabwereza pa ntchito yokhazikika sapusitsa bwalo: limaŵatenga ngati mgwirizano wopanda malire a nthaŵi.

Mkangano waukulu m'zaka khumi zoyamba za lamuloli udali wa ndalama yotsanzikira, imene lamulo limaitcha severance allowance. Makhoti adagamula kuti ndalamayi iperekedwe ngakhale kwa wopuma pantchito amene adali kale ndi penshoni, ndipo olemba ntchito adadandaula kuti akulipira kaŵiri pa chinthu chimodzi. Nyumba ya Malamulo idakonza lamulolo mu 2010, n'kukhazikitsanso lamulo la penshoni limene lidayamba kugwira ntchito pa 1 Juni 2011. Kuyambira pamenepo ndalama yotsanzikira imaperekedwa kwa munthu wochotsedwa chifukwa chochepetsa antchito kapena mavuto a zachuma a bizinesi, ndiponso kwa wochotsedwa mopanda chilungamo. Kaŵerengedwe kake n'kotere: malipiro a masabata aŵiri pa chaka chilichonse mwa zaka zisanu zoyamba, a masabata atatu kuyambira chaka chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, ndi a masabata anayi pa chaka chilichonse chopitirira khumi. Mwini sitolo amene akutseka bizinesi ali ndi wogulitsa wa zaka 12, ayenera kumupatsa malipiro a masabata 33.

Penshoni, imene kale idali chifundo cha makampani ochepa, idasanduka lamulo. Bwana amaika ndalama yosachepera 10 pa 100 iliyonse ya malipiro, wantchito amadulidwa yosachepera 5, ndipo bwana ayeneranso kumugulira wantchito inshuwalansi ya moyo yolingana ndi malipiro a chaka chimodzi. Lamulo latsopano la penshoni la mu 2023 lidasunga mfundo zimenezi. Chiyeso chachikulu pa nkhaniyi chimadza malonda akavuta: bwana adula ndalama ya wantchito, koma m'malo moitumiza ku thumba la penshoni, aigulira katundu, akuti adzabweza zinthu zikayenda. Akuluakulu adati mlandu suwola. Ndalama imeneyo si yake kuyambira tsiku limene waidula, ndipo ngongoleyo imamudikira ngakhale papite zaka.

Chaka cha 2021 chidabweretsa kusintha kokhudza mabanja ambiri a m'maboma a kummwera, kuphatikizapo Machinga, amene kwa zaka zambiri ankapita kukakhala matenanti m'maesiteti a fodya a m'chigawo chapakati ndi kumpoto. Tenanti ankalandira chimanga, feteleza ndi zipangizo pangongole, n'kudikira chaka chonse kuti mwini esiteti agule fodya pa mtengo wodziikira yekha. Ngongole ikachotsedwa, ena ankabwerera kwawo chimanjamanja, ana awo atataya chaka cha sukulu m'munda. Mu Novembala 2019 dziko la America lidalamula kuti fodya wa ku Malaŵi azigwidwa pa madoko ake chifukwa cha malipoti a ntchito yokakamiza ndi yogwiritsa ana. Patapita zaka ziŵiri, lamulo lidakonzedwa, ndipo utenanti udaletsedwa. Mwini esiteti tsopano ayenera kulemba munthu ngati wantchito wolandira malipiro, fodya agulidwe bwino kapena ayi. Kukonza komweko kudapatsa bambo tchuthi cha masabata aŵiri mkazi wake akabereka, kamodzi pa zaka zitatu, ndi mayi woyamwitsa mphindi 30 kaŵiri patsiku. Mabwana nawo adapezapo kena: lamulo la ubale wa pantchito litakonzedwa chaka chomwecho, lidaŵalola kudula malipiro a onyanyala ntchito sitalaka ikapitirira masiku atatu pachaka.

Kungakhale kusalungama kunena kuti mtolowu ndi wopepuka. Malipiro ochepetsetsa, amene adali K50,000 pamwezi mu 2021, adakwera kufika K90,000 mu Febuluwale 2024 ndi K126,000 mu 2025. Kwa wantchito, kukweraku kudangothamangira mitengo ya chimanga ndi sopo imene idali itamusiya kale. Kwa mwini chigayo wa ku Nsanama, amene magetsi amamuthimira ndipo makasitomala ake ndi alimi odalira mvula, ndalamayo ndi yambiri. Ena pothaŵa udindo amatcha antchito awo onse aganyu. Dzinalo silithandiza, pakuti bwalo limayang'ana zochitika: munthu amene amabwera tsiku ndi tsiku, kulamulidwa maola ndi kudalira malipiro a pamalopo, ndi wantchito. Njira yololedwa kwa bwana amene zamuvuta ndiyo kukambirana ndi antchito ake poyera, ndipo ngati n'kofunika kuchepetsa anthu, achite motsata notisi ndi ndalama yotsanzikira.

Ofesi ya zantchito, imene anthu amaitcha ya leba, ilipo m'boma lililonse, ndipo Machinga ndi Balaka ali ndi zawo. Wochotsedwa ntchito ali ndi miyezi itatu yokadandaula kwa mkulu wa ofesiyo, amene amaitana mbali zonse ziŵiri kuti agwirizanitse; pakatha mwezi nkhani isanathe, imatha kupita ku Industrial Relations Court. Khomo la ofesiyo n'lotsegukiranso mabwana. Mwini chigayo uja akadapitako m'maŵa womwewo kukafunsa njira, mnyamata asanachotsedwe, akadalangizidwa kumulembera kalata ya mlandu, kuika tsiku lomvana pamaso pa mboni, ndi kusunga kope la dizilo wogulidwa ndi wogwiritsidwa ntchito sabata imeneyo.