Kodi Openyerera Kanema Awerengedwa Bwanji?

Mwini nyumba ya basikopo sabvutika kudziwa ngati cithunzi cace cakondweretsa anthu. Awerenga matikiti ogulidwa pa khomo, nayang'ana mipando yotsala. Koma iwo amene apenyerera kanema m'nyumba zao, kapena pa lamya za m'manja, palibe awaona. Nanga awerengedwa bwanji?

Ku America kampani ya Arthur Nielsen inayamba kuwerenga openyerera wailesi ya kanema m'caka ca 1950. Inasankha mabanja owerengeka, niika m'nyumba zao kamakina kolemba zimene atsegula ndi nthawi yace. Monga mai alawa supuni imodzi nadziwa mcere wa mumphika monse, momwemo mabanja amenewa anaimira dziko lonse. Eni malonda analipira mawailesi monga mwa ciwerengero cimeneci, ndipo sewero losowa openyerera linacotsedwa.

Pofika intaneti zinthu zinasintha. Kampani yonga Netflix, imene itumiza zithunzi pa intaneti, siifuna supuni, pakuti iona mphika wonse: idziwa cimene catsegulidwa, nthawi yace, ndi pamene munthu walekera. Koma muyeso iusankha yokha. Poyamba inawerenga munthu amene wapenyerera magawo 70 pa 100 a cithunzi. M'caka ca 2020 inalengeza kuti mphindi ziwiri zikwanira, ndipo ziwerengero zinakwera, ngakhale openyerera anali omwewo. M'caka ca 2021 inayamba kuwerenga maola. Sewero la ku South Korea lochedwa Squid Game linapenyereredwa maola 1,650,000,000 m'masiku 28 oyamba. Koma maola akondera sewero lalitali, cifukwa cace m'caka ca 2023 inayamba kugawa maola onse ndi utali wa cithunzi. Motero maola 1,000 pa cithunzi ca maola awiri ayesedwa openyerera 500.

Njira ina ndiyo kumvera zimene anthu alankhula pa intaneti, ndi kuwerenga mau ao otama kapena onyoza. Apa pafunika kucenjera, pakuti cikomekome ca mkuyu mkati muli nyerere. M'caka ca 2013 cithunzi cochedwa Sharknado cinautsa phokoso lalikuru pa Twitter, koma amene anacipenyerera usiku woyamba sanakwane 1,500,000, m'dziko la anthu oposa 300,000,000. M'caka ca 2019 anthu ambiri analemba zonyoza cithunzi ca Captain Marvel pa Rotten Tomatoes cisanaturuke n'komwe. Eni ace a malowo analetsa kulemba ndemanga cithunzi cisanaonetsedwe, ndipo pambuyo pace anayamba kupatula mau a iwo amene atsimikiza kuti anagula tikiti. Cithunzico cinalowetsa madola oposa 1,000,000,000. Olankhula kwambiri si ndiwo ocuruka nthawi zonse, ndipo ambiri apenyerera ali cete.

Komabe mau a anthu sapita pacabe masiku onse. M'caka ca 2018 wailesi ya Fox inaleka sewero la Brooklyn Nine-Nine. Olikonda anadandaula kwambiri pa intaneti, ndipo m'mawa mwace wailesi ya NBC inalitenga.

Kodi kanthu kameneka n'kamasewera cabe? Iai, pakuti m'ziwerengero zimenezi muli cakudya ca anthu. Wa nchito wa pa mgodi adziwa bwino kuti ngati bonasi yace iwerengedwa pa miyala yoturuka, ayenera kudziwa cimene sikelo yanena. Olemba masewero a ku Hollywood anali pa bvuto lotere: makampani a pa intaneti anabisa ziwerengero, ndipo wolemba sanadziwe ngati sewero lace laonedwa ndi anthu zikwi kapena mamiliyoni. M'caka ca 2023 ananyanyala nchito masiku 148, ndipo nkhani imeneyi inali imodzi mwa madandaulo ao. Pa cipangano cimene cinathetsa sitalaka, makampani anabvomera kuonetsa bungwe la olemba maola openyereredwa, ndi kulipira bonasi pa sewero limene laonedwa ndi magawo 20 pa 100 a olembetsa a m'dzikomo m'masiku 90 oyamba.

Tsono munthu wanzeru, pakumva kuti cithunzi cakuti ndico cokondedwa koposa, ayamba wafunsa mafunso atatu: anawerenga ndani, anawerenga ciani, ndipo apindula ndani ndi ciwerengeroco?