Pamene Ndege Zinaima



Ambiri a ife sitinakwerepo ndege. Timangoiona m'mwamba tili m'munda wa nandolo. Koma pamene ndege zinaima m'chaka cha 2020, nafenso zinatikhudza.

Matenda a COVID-19 anayamba ku Wuhan, ku China, kumapeto kwa 2019. Kachilombo kake kanayenda ndi apaulendo. Kuno ku Mozambique wodwala woyamba anapezeka pa 22 Malichi 2020. Pa 1 Epulo anansi athu a ku Malaŵi anaimitsa ndege zakunja kufikira pa 1 Seputembala.

Kodi masheya ndi chiyani? Anthu khumi akasonkha ndalama nagula chigayo, aliyense amakhala ndi gawo lake. Gawolo ndilo sheya. Chimanga chikasoŵa, chigayo chimaima, ndipo gawo lija limatsika mtengo. Ndege zopanda okwera zinali ngati chigayo chimenecho. Masheya a makampani a ndege anagwa. Antchito ambiri anachotsedwa. Mahotela anatsekedwa, ndipo ena mwa ana athu ogwira ntchito ku Joni analeka kutumiza ndalama kumudzi.

Choncho, abale, tilimbikire sukulu yathuyi. Uthenga wa chipatala ukabwera, tizidziŵerengera tokha, tisamadikire kumva kwa ena.