Katagi kolondola katundu wobedwa: tidziwe mphamvu yake tisanagule



Nkhani imene tapatsidwa lero ndi ya kubedwa kwa zipangizo zathu zing'onozing'ono monga pampu yopalasa, injini yopopera madzi, sola, sipuleya, wilibala ndi njinga. Injini ikabedwa mwezi wa Ogasiti, chimanga cha kudimba chili m'chiuno, sabata imodzi yokha yopanda madzi imakwana kuwononga ntchito ya miyezi iwiri, pamene ngongole imene tinagulira injiniyo ikupitirirabe kuwerengedwa. Pa zaka zimene tinagwira ntchito ya ulangizi tinaona kalabu ina imene inasonkha ndalama nyengo ziwiri kuti igule pampu. Pampuyo itabedwa, mamembala anayamba kulozana zala, wina akuti ndi mlonda, wina akuti ndi mphwake wa msungichuma, ndipo mvula isanagwe kalabuyo inali itatha. Ichi n'chifukwa chake bungwe lathu likuitenga nkhani ya umbava ngati nkhani ya chitukuko.

Ena mwa inu mwamva kwa ana anu amene ali ku Joni, kapena kwa ogulitsa mafoni m'tauni, za tizipangizo timene munthu amabisa pa katundu wake kuti akabedwa aone pa foni kumene ali. Mwakhala mukutifunsa ngati kalabu igule. Tisanayankhe, tiyeni timvetse kaye mmene timagwirira ntchito, chifukwa tilipo ta mitundu iwiri ndipo ogulitsa ambiri safotokoza kusiyana kwake.

Mtundu woyamba ndi katagi kakang'ono, kukula kwake ngati chitsekerero cha botolo la zakumwa. Kotchuka kwambiri ndi AirTag ka kampani ya Apple, kamene kanatuluka mu 2021. Kampani ya Samsung inatulutsanso kake chaka chomwecho, ndipo mu 2024 kampani ya Google inatsegula njira yofanana ndi imeneyi ya mafoni a Android. Katagi kameneka kalibe simu khadi ndipo pakokha sikadziwa malo amene kali. Kamangoitana motsitsa kudzera pa Bluetooth, njira yomwe ija achinyamata amatumizirana nyimbo. Foni yamakono ikadutsa pafupi, mtunda ngati wochoka pakhomo kufika kukhola, imamva kuitanako n'kutumiza uthenga pa intaneti wonena malo, mwini katagi n'kuona pa mapu. Wodutsayo sadziwa n'komwe kuti foni yake yathandiza.

Apa ndiye pagona nkhani. Katagi kameneka kamadalira mafoni a anthu ena, ndiponso si foni iliyonse. AirTag imalondoledwa ndi ma iPhone ndi zipangizo zina za Apple. Ka Samsung kamadalira mafoni a Galaxy. Ta njira ya Google timadalira mafoni a Android, koma Google inakonza zoti mafoni ambiri azinena malo pokhapokha pamene padutsa mafoni angapo, monga pamsika kapena pa depoti. Tsopano tidzifunse, m'mudzi mwathu ma iPhone alimo angati? Ambirife tili ndi timafoni ta mabatani, ndipo amene ali ndi foni yamakono amatsegula intaneti pokhapokha akagula bandulo. Wakuba akasenza injini pakati pa usiku n'kukaibisa m'munda wa nzimbe, katagi kadzaitana mpaka kutopa popanda womva.

Sitikunena kuti n'kachabechabe. Wakuba sabera kuti asunge, amafuna ndalama, ndipo ndalama zili kumene kuli anthu. Katundu akafika pa tawuni ya m'mbali mwa msewu waukulu, kapena m'misika ya ku Lilongwe, ku Limbe ndi ku Mzuzu, mpata woti foni yoyenera idutse pafupi umakula. Choncho katagi kotere kamathandiza pa malo ogulitsira katundu wobedwa. Kudimba kumene katundu wabedwera tisakayembekezere zambiri.

Pali chinanso chimene wogulitsa sangakuuzeni. Titagi timeneti tinapangidwira munthu wotaya makiyi kapena chikwama, ndipo anthu ena oipa mtima anayamba kutigwiritsa ntchito polondola anzawo mobisa, makamaka amayi. Pofuna kuthetsa khalidweli makampani anaika chenjezo. AirTag ikasiyana ndi mwini wake kwa maola a pakati pa 8 ndi 24, imayamba kulira ikasunthidwa. Mu 2024 Apple ndi Google anagwirizananso kuti foni yamakono izichenjeza mwini wake ngati katagi kachilendo kakuyenda naye. Chenjezo limeneli ndi labwino ndipo tisalinyoze, koma likutanthauza kuti wakuba akhoza kudziwa n'kukataya kutchire. Ngati katundu wabedwa, tsiku loyamba ndilo lofunika. Zodikira msonkhano wa kalabu wa Lachisanu zisakhalepo.

Tidziwenso kuti chitsulo chimatchinga mphamvu ya Bluetooth. Mukakatsekera m'bokosi lachitsulo mwakatseka pakamwa. Kabiseni kuseri kwa pulasitiki, pansi pa chishalo cha njinga, kapena kunsi kwa felemu ya injini kutali ndi paipi yotulutsa utsi. Batire yake ndi kaja kozungulira ngati khobidi, kolembedwa CR2032, ndipo kamakhala pafupifupi chaka chimodzi. Mlembi alembe tsiku losintha, chifukwa katagi kakufa batire n'chimodzimodzi mlonda wogona.

Mtundu wachiwiri ndi umene amaika pa galimoto ndi njinga zamoto, wotchedwa GPS. Uwu umadziwa wokha malo ake kuchokera ku masetilaiti, ndipo umatumiza uthenga kudzera pa simu khadi. Sufuna foni ya munthu wodutsa, koma umafuna netiweki ya Airtel kapena TNM, mayunitsi osatha ndi moto wokwanira. Simu khadiyo iyeneranso kulembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, monga mwa ndondomeko imene inayamba mu 2018. Mtengo wake ndi wokwererapo ndipo umadya ndalama mwezi ndi mwezi. Pa sipuleya kapena wilibala n'kutaya ndalama, koma pa injini ya chigayo, njinga yamoto kapena pampu yaikulu ya gulu kalabu ikhoza kuuganizira.

Nanga tichite chiyani? Tiyambe ndi zimene sizifuna batire. Kalabu iliyonse ikhale ndi buku la kaundula wa katundu, momwe mulembedwe dzina la chipangizo, nambala yake ya kufakitale, tsiku logula ndi amene akusunga, ndipo lisiti imatidwe momwemo. Amene ali ndi foni yojambula ajambule chipangizocho pamodzi ndi nambala yake. Kenaka tipite kwa owotcherera zitsulo akadinde dzina la kalabu pa malo awiri, pena poonekera kuti wogula aope, pena pobisika kuti wakuba akafufuta poyamba tikhalebe ndi umboni. Taonapo alimi akulephera kutenga katundu wawo atamupeza, chifukwa atafunsidwa chosonyeza kuti ndi wawo analibe choloza. Katagi kangatifikitse pamene pali injini, koma choitengera kubwerera nayo kumudzi ndi buku ndi chidindo.

Zimenezi zikatheka, kalabu imene ikufuna katagi igule kamodzi kaye. Funsani wogulitsa kuti kamagwira ndi foni yanji, ndipo akuonetseni pa foni ya membala wanu musanalipire. Mukafika kumudzi kayeseni. Tumani mnyamata pa njinga, katagi kali m'thumba, apite kudimba, kusukulu, kuchigayo mpaka kumsika, inu mukuyang'ana pa mapu. Pamene kakuoneka ndi pamene kakusowa mulembe. Kuyesa kwa tsiku limodzi kumeneku kudzakuuzani zoona za dera lanu kuposa ife kapena wogulitsa. Ndipo foni yolondolera isakhale chinsinsi cha munthu mmodzi. Anthu awiri a mu komiti azidziwa kutsegula kwake, koma malo obisapo katagi asalengezedwe pa bwalo.

Tsopano tichenjezane mwamphamvu, abale athu. Kadontho ka pa mapu kamasonyeza dera. Pamalo pamene nyumba zathithikana kakhoza kuloza khomo la munthu wosalakwa. Tisadzamve kuti mamembala athu anyamula zikwanje ndi zibonga chifukwa foni yaloza nyumba ya uje. Kulanga munthu ndi manja athu ndi mlandu, ndipo tikatero amene anaberedwa ndi amene amakagona m'chitokosi. Njira ndi yomwe tikuidziwa: kwa amfumu, kwa achitetezo a m'mudzi, kenaka kupolisi, buku lili m'manja.

Pomaliza, bungwe lathu lili ndi zopempha zimene tikufuna mutipatse mphamvu yokazitula. Kwa ogulitsa mapampu, masola ndi mainjini tikuti nambala ya kufakitale izilembedwa pa lisiti iliyonse. Kwa mabungwe ndi obwereketsa ndalama amene amagawa zipangizo tikuti azizidinda asanapereke. Kwa makhonsolo tikuti ogula katundu wakale ndi zitsulo zakutha azilemba dzina ndi chiphaso cha aliyense wowagulitsa. Kwa apolisi tikuti mlimi akabwera ndi kaundula ndi malo a pa mapu athandizidwe tsiku lomwelo. Kwa bungwe la MACRA tikuti thumba lofikitsa ntchito za mafoni kumidzi, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016, lifike kumadambo kumene timalima, pakuti popanda netiweki tizipangizo tonseti n'zokongoletsa chabe.

Chopempha chomaliza chili kwa ife eni. Injini zobedwa zimagulidwa ndi alimi. Munthu akabwera madzulo ndi pampu ya theka la mtengo yopanda lisiti, tonse timadziwa kumene yachokera. Lamulo la dziko lino limati kulandira katundu ukudziwa kuti ndi wobedwa ndi mlandu. Tigwirizane pano kuti membala wa bungwe lino sagula chipangizo chopanda lisiti kapena kalata ya amfumu, ndipo akachiona azidziwitsa makalabu oyandikana nawo. Katagi kamagwira ntchito pamene pali mafoni ambiri omvera. Kwathu kuno mafoni otero ndi ochepa, koma maso ndi makutu a mamembala alipo m'mudzi uliwonse. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Tikupempha mlembi wa kalabu iliyonse kuti pa msonkhano ukubwerawu adzabwere ndi buku la kaundula litadzazidwa.